Kukadya pa kalesitilanti ka Abangladeshi ka m'dera lanu ku Britain

Tauni iliyonse ku Britain, ngakhale kamudzi ka msewu umodzi wa masitolo, simulephera kupezamo malo odyera olembedwa kuti Indian kapena Tandoori pachikwangwani. Mmalawi amene wabwera kusukulu, ku unamwino kapena ku ntchito yosamalira okalamba amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, fungo la anyezi ndi adyo wokazinga likumukoka, koma kuti alowe amazengereza. Wina amaopa mtengo, wina amaopa tsabola, ndipo ambiri amagwa ulesi akaona menyu yamasamba angapo yodzaza mayina achilendo. Malangizo awa ndi oti mulowe, mudye mokhuta, ndalama zanu zisapite pa zinthu zimene simunazifune, ndiponso kuti mufike pa chakudya chimene eni malowo amadya kwawo, chomwe kawirikawiri chimakhala chobisika kumapeto kwa menyu kapena sichilembedwa n'komwe.

Dziwani kaye amene akukuphikirani

Chikwangwani chimati Indian, koma malo ambiri oterewa ndi a mabanja ochokera ku Bangladesh, makamaka chigawo cha Sylhet, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Agogo awo ankagwira ntchito pa sitima zapamadzi za Angerezi, ena n'kutsika ku London osabwereranso. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, anayamba kugula timalo togulitsira tiyi ndi tchipisi n'kumaphikamo mpunga ndi curry. Panthawiyo dziko la Bangladesh kunalibe, linadzapeza ufulu mu 1971, ndiye dzina loti Indian linali litakhazikika kale ndipo ndi lomwe makasitomala ankalidziwa. Malo odyera achimwenye ku Britain anayamba kalekale zimenezi zisanachitike: Sake Dean Mahomed anatsegula Hindoostane Coffee House ku London mu 1810, ndipo Veeraswamy inatsegulidwa pa Regent Street mu 1926. Koma amene anafikitsa curry m'tauni iliyonse ndi anthu a ku Sylhet.

Izi n'zofunika kuzidziwa pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi ulemu: munthu wa ku Bangladesh amasangalala mukadziwa kwawo, ndipo kucheza kumayamba pomwepo. Chachiwiri n'chakuti menyu imene mupatsidwe inapangidwa kuti ikomere Angerezi. Chicken tikka masala, imene nduna yoona zakunja Robin Cook inaitchula mu 2001 kuti ndi chakudya chenicheni cha fuko la Britain, si chakudya cha m'makomo a ku Sylhet. Lesitilanti ya Shish Mahal ku Glasgow imati ndiyo inaiyambitsa m'zaka za m'ma 1970. N'chokoma ndithu, ndipo palibe cholakwa kuchidya. Kungoti kuseri kwa chitseko cha kukhitchini ophikawo amadziphikira zina: mpunga woyera, nsomba, dal wamadzimadzi (ndiwo ya mbewu za mtundu wa nyemba zosenda), ndiwo zamasamba zokazinga ndi mafuta a mpiru.

Musasokonezenso ndi chakudya chimene tinazolowera kwa Amwenye a ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ambiri a iwo makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo kaphikidwe kawo n'kosiyana. Mukafuna chimenecho pitani ku Leicester, kumene mabanja ambiri amene anachoka ku Malawi m'zaka za m'ma 1970 anakakhazikika, ndipo msewu wa Belgrave Road ndi wodzaza ndi malo odyera achi Gujarati. Pano tikunena za kalesitilanti ka matebulo khumi kapena khumi ndi asanu, koyendetsedwa ndi bambo, ana ake ndi abale ake.

Kusankha malo ndi tsiku

Yambani ndi ukhondo. Ku England, Wales ndi Northern Ireland, akuluakulu a khonsolo amayendera makhitchini n'kupereka mamakisi kuyambira 0 mpaka 5, pansi pa ndondomeko ya Food Standards Agency. Mamakisiwo amalembedwa pa kapepala kobiriwira komata pazenera kapena pachitseko. Ku Wales ndi ku Northern Ireland lamulo limakakamiza kukamata, koma ku England ayi, choncho mukapanda kukaona lowani pa tsamba la bungweli pa intaneti, lembani dzina la lesitilantiyo, muona. Pa 4 kapena 5 khalani mtima m'malo. Pa 0, 1 kapena 2 ine ndingakuuzeni kuti mufune kwina. Ku Scotland sapereka manambala, amangolemba kuti Pass kapena Improvement Required.

Kenako onani menyu, imene imakhala pazenera kapena pa intaneti. Musataye nthawi ndi mndandanda wa korma, madras ndi vindaloo, chifukwa umenewo uli paliponse. Pitani pa gawo lolembedwa Chef's Specials kapena House Specials. Mukaona mayina ngati shatkora, naga, ayre, boal, rui kapena bhorta, dziwani kuti kukhitchiniko kuli munthu amene sanaiwale kwawo ndipo akufuna mulawe.

Malo ambiri amatsegula cha m'ma 5 koloko madzulo n'kutseka cha m'ma 11 usiku. Lachisanu ndi Loweruka kumakhala piringupiringu, foni ikulira, onyamula zakudya akulowa ndi kutuluka, ndipo usiku kwambiri kumabwera anthu ochokera komwera mowa. Ulendo woyamba sankhani Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi, nthawi ya m'ma 6 koloko. Woperekera zakudya amakhala ndi mpata wokufotokozerani, wophika amakhala ndi mpata wokuphikirani mmene mwapemphera, ndipo masiku amenewa ndi amene malo ambiri amaika banquet night, pamene mumalipira mtengo umodzi wotsikirapo n'kulandira choyambira, ndiwo, mpunga kapena naan, womwe ndi mkate wawo wootcha. Ena amachita buffet Lamlungu masana. Buffet ndi yabwino polawa zambiri nthawi imodzi, koma zokoma kwenikweni siziikidwa pamenepo.

Imbani foni musanapite, makamaka ngati muli anthu opitirira anayi. Pafoni yomweyo funsani zinthu zitatu. Kodi nyama yawo ndi ya halal? Malo ambiri a Abangladeshi ndi a Asilamu, nkhumba saphika ndipo nyama yawo imakhala ya halal, koma Msilamu wosamala afunsebe, chifukwa si onse amene amalemba. Kodi amagulitsa mowa? Ena alibe chilolezo, koma amalola kuti mubwere ndi botolo lanu, ndipo pachikwangwani amalemba BYOB. Ena mwa iwo amalipiritsa kandalama kotsegulira botololo. Ena salola mowa n'komwe, ndipo zimenezo muzilemekeze. Chachitatu, kodi amalandira khadi? Timalo tina ting'onoting'ono timafunabe ndalama zapamanja. Pa Eid malo ena amatseka, ndipo m'mwezi wa Ramadan antchito amakhala akusala kudya tsiku lonse kwinaku akukuphikirani. Dzuwa likamalowa amaima pang'ono kuti afuturu, ndiye chakudya chikachedwako nthawi imeneyo, pirirani.

Mukangokhala pansi

Mukalowa imani pakhomo, akulozerani tebulo. Moni wa "Assalamu alaikum" ngati ndinu Msilamu, kapena moni wamba wachingerezi, zonse n'zolandirika. Funso loyamba limene mumve ndi la zakumwa ndi poppadom. Poppadom ndi chimkate chopyapyala chokhukhuluka, chopangidwa ndi ufa wa mtundu wa nyemba, ndipo chimabwera ndi timbale tinayi: chatine chotsekemera cha mango, achali wa mandimu wowawasa ndi wowawa, anyezi woduladula, ndi yogati wa timbewu tonunkhira. Ambiri amaganiza kuti ndi zaulere chifukwa zimabwera musanaitanitse chakudya. Si zaulere. Amawerengera poppadom iliyonse, ndipo timbale tija nthawi zambiri amawerengera pa munthu. Imodzi pa munthu ndi yokwanira. Nyemani kachidutswa, ikanipo chatine ndi supuni. Achali wa mandimu yambani ndi pang'ono kwambiri.

Madzi akumpopi pemphani mosachita manyazi. Malo aliwonse okhala ndi chilolezo chogulitsa mowa ku England, Wales ndi Scotland amayenera kupereka madzi akumpopi kwaulere munthu akapempha. Nenani momveka kuti mukufuna tap water, apo ayi akubweretserani a m'botolo olipira.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kunena musanatsegule n'komwe menyu: ngati pagulu lanu pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza, mkaka, tirigu, nsomba kapena mpiru. Lamulo la ku Britain limakakamiza malo odyera kukuuzani ngati chakudya chili ndi chimodzi mwa zinthu 14 zimene zimadwalitsa anthu otere. Nkhani imeneyi si yamasewera. Mu 2014 bambo wina ku North Yorkshire anamwalira atadya curry imene anapempha kuti isakhale ndi mtedza. Lesitilantiyo inali itasiya ufa wa almond n'kuyamba kugwiritsa ntchito ufa wotchipa wosakaniza ndi nsinjiro, ndipo mu 2016 mwini wake anagamulidwa kukakhala kundende zaka 6. Korma, pasanda, tikka masala ndi peshwari naan ndi zimene kawirikawiri zimakhala ndi almond, cashew kapena kokonati. Uzani woperekera zakudya, muonetsetse kuti walemba, ndipo chakudya chikafika funsaninso. Ngati akuyankha mokayikakayika ndipo vuto la mnzanuyo ndi lalikulu, nyamukani.

Mmene menyu imayendera

Chinsinsi cha khitchini yoteroyi ndi mphika waukulu wa msuzi umene amaphika masana: anyezi wambiri, adyo, jinja, chikasu ndi zokometsera zina, zonse zowiritsidwa mpaka kusungunuka n'kupondedwa. Nyama nayo amaiphikiratu. Mukaitanitsa, wophika amatenga chiwaya, amathira mafuta, zokometsera za ndiwo imene mwasankha, chikho cha msuzi uja ndi nyama, n'kukazinga pamoto waukulu kwa mphindi zochepa. N'chifukwa chake menyu imatha kukhala ndi ndiwo zochuluka chonchija, ndipo n'chifukwa chakenso mungathe kupempha kuti awonjezere kapena achepetse tsabola, popeza mbale iliyonse imaphikidwa payokha. Mukasankha mumasankha zinthu ziwiri: mtundu wa msuzi, kenako choikamo, kaya nkhuku, nkhosa, prawn (tinyama ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu) kapena masamba okhaokha. King prawn ndiye amakhala wodula kuposa zonse.

Ganizirani mmene timadyera kwathu: mpunga kapena naan ndiye nsima, curry ndiye ndiwo, ndipo pano chilichonse chili ndi mtengo wake. Mukaitanitsa chicken bhuna yokha, ibwera yokha. Chosiyana ndi zimenezi ndi biryani, mpunga wokazingira limodzi ndi nyama, umene ku Britain umabwera ndi kambale ka curry ya masamba. Munthu amene ali yekha ndipo akufuna kusunga ndalama, biryani imamukwanira. Thali nayo ndi yabwino kwa woyamba kumene: mbale imodzi yaikulu yokhala ndi tindiwo tingapo, mpunga ndi mkate.

Tsopano za tsabola. Korma ilibe tsabola, ndi yotsekemera, ya kirimu ndi kokonati. Pasanda ndi tikka masala nazo n'zofatsa. Kufiira kwa tikka masala kumachokera ku matimati ndi utoto wa zakudya, osati ku tsabola. Pakatikati pali bhuna, ya msuzi wochepa wokhuthala, wokazingidwa mpaka kumata nyama. Rogan josh ya matimati ambiri. Dopiaza ya anyezi wodula zikuluzikulu. Palinso balti, imene inatchuka ku Birmingham m'zaka za m'ma 1970 ndipo imabwera m'chiwaya chomwe yaphikidwiramo. Dhansak amaphika ndi dal, ndipo imakhala yotsekemera, yowawasa ndi yowawa pang'ono, nthawi zina amaikamo chinanazi. Pathia ili chimodzimodzi koma yopanda dal ndiponso yowawirapo. Jalfrezi ili ndi tsabola wobiriwira wosaphwanya amene mungamupatule pambali. Madras ndi yowawa. Vindaloo, imene inachokera ku Goa kwa Apwitikizi, ndi yowawa kwambiri, ndipo ku Britain amaikamo mbatatesi. Phall ndiye mapeto, ndipo kunena zoona mumangomva moto, kukoma kwa nyama simukumva.

Kwa Mmalawi amene kambuzi sasowa patebulo pake, korma idzamveka ngati yashuga ndipo mwina adzakhumudwa. Ndingakulangizeni kuyambira pa bhuna kapena jalfrezi, ndipo madras muitha bwinobwino. Koma samalani ndi liwu loti naga. Naga morich ndi tsabola amene amalimidwa ku Sylhet ndi kumpoto chakum'mawa kwa India, ndipo ukali wake umafika cha m'ma 1,000,000 pa muyeso wa Scoville, kuposa kambuzi kutalitali. Anthu a ku Sylhet amamukonda chifukwa cha fungo lake lokoma ngati chipatso, ndipo wophika waluso amaika pang'ono kuti fungolo limveke. Muyenera kulawa ndithu, koma pemphani kuti akupatseni achali wa naga pambali, muziika nokha ndi nsonga ya supuni.

Kufika pa chakudya cha eni ake

Apa ndi pamene pali phindu lenileni la ulendo wanu, ndipo njira yake ndi kufunsa basi. Kufunsa n'kudziwa njira. Muuzeni woperekera zakudya kuti mumadya tsabola, mumakonda nsomba, simuopa minga kapena mafupa, ndipo mukufuna chimene iye angadye kwawo. Liwu limene amalimva msanga ndi loti deshi, kutanthauza zophikidwa mwakwawo. Ena amaseka n'kukulozerani pa menyu, ena amalowa kukhitchini kukafunsa wophika, ndipo pa tsiku lopanda anthu ambiri mungathe kupatsidwa staff curry, ndiwo imene antchito adziphikira kuti adye akaweruka. Imakhala ya nkhuku kapena nkhosa ya mafupa, yophikidwa pang'onopang'ono popanda msuzi wa mumphika waukulu uja. Akakana musaumirire, popeza imeneyo ndi mgonero wawo.

Choyamba kufunafuna ndi shatkora. Ndi chipatso cha mtundu wa mandimu chimene chimamera ku Sylhet, cha khungu lochindikala. Khungulo amaliduladula n'kuphika ndi nyama ya ng'ombe kapena ya nkhosa mpaka litafewa, ndipo limapereka kuwawasa, kakuwawa pang'ono ndi fungo limene simungalipeze mu ndiwo ina iliyonse pa menyu. Ndikanati ndisankhire munthu mbale imodzi yokha yomuonetsa kuti ophikawa kwawo n'kuti, ndikanasankha imeneyi.

Chachiwiri ndi nsomba. Bangladesh ndi dziko la mitsinje, ndipo eni ake amanena okha kuti mpunga ndi nsomba ndizo zimapanga Mbengali, munthu wa mtundu wawo. Nsomba zawo zambiri ndi za m'madzi opanda mchere, ndipo zimafika ku Britain zoumitsidwa mufiriji. Ayre ndi boal ndi za mtundu wa mlamba, zonona, za minga yochepa. Rui ndi nsomba yaikulu ya mamba imene amaidula mapisi, amaikazinga ndi chikasu kenako n'kuiika mu msuzi wopepuka. Ilish, imene Angerezi amati hilsa, ndiyo nsomba ya fuko lawo: yamafuta, yonunkhira, yophikidwa ndi njere za mpiru zopera, koma ya minga yambirimbiri ing'onoing'ono. Makasitomala ambiri achingerezi amaithawa chifukwa cha mingayo, n'chifukwa chake sipezeka pa menyu zambiri. Munthu wokulira ku Mangochi, ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay minga si nkhani kwa iye, ndipo mukatero mwapeza chocheza ndi eni malowo.

Bhorta ndi mbatatesi, mabiringanya ootcha kapena ndiwo zina zopondedwa ndi anyezi wamuwisi, tsabola ndi mafuta a mpiru, zodyera mpunga woyera. Shutki ndi nsomba zouma, zimene amazikazinga ndi tsabola wambiri kapena kuzipondera mu bhorta. Fungo lake ndi lamphamvu, ndiye malo ambiri saziphika pamene muli makasitomala. Ngati lesitilanti ya kwanuko ilibe zimenezi, zimapezeka m'timalo ta Abangladeshi okhaokha ku Whitechapel ndi m'mbali mwa Brick Lane ku East London, ku Bury Park ku Luton, ku Oldham ndi m'madera ena a Birmingham. Kumeneko chakudya chimakhala choyalidwa kuseri kwa galasi, mumangoloza chimene mwachifuna.

Kuchuluka kwa zoitanitsa

Apa ndi pamene anthu amawonongera ndalama, chifukwa njala imaitanitsa zambiri kuposa mimba. Anthu awiri: ndiwo ziwiri zosiyana, mpunga umodzi, naan imodzi, ndi kambale kamodzi ka masamba. Anthu anayi: ndiwo zitatu kapena zinayi, mpunga uwiri, naan ziwiri, timbale tiwiri ta masamba. Zonse ikani pakati muzigawana. Mpunga ukatha, kuwonjezera sikutenga nthawi.

Zoyambira mungathe kuzidumpha ngati mwadya poppadom. Mukazifuna, onion bhaji ndi anyezi wokazinga mu ufa wa tchana, samusa mukumudziwa kale, seekh kebab ndi nyama yogaya yootcha pa chitsulo, ndipo prawn puri ndi prawn wa msuzi pa kamkate kokazinga. Mbale imodzi pa anthu awiri yakwana.

Timbale ta masamba musatipeputse, n'totchipa ndipo nthawi zina ndi tomwe timakoma kuposa nyama. Tarka dal ndi dal wofewa wothiridwa adyo wokazinga pamwamba. Abangladeshi amakonda kuphika dal wofiira, pamene ku India amakondanso dal wa nandolo, yemwe wina amachokera kwa alimi a kwathu ku Malawi. Bhindi bhaji ndi therere lobala lokazinga, losatelera. Brinjal bhaji ndi mabiringanya. Saag aloo ndi sipinachi ndi mbatatesi, chana masala ndi tchana, ndipo saag paneer ndi sipinachi ndi tchizi choyera chosasungunuka. Wosadya nyama angathe kuitanitsa timbale titatu totere ndi mpunga n'kukhuta.

Mpunga uli pawiri: woyera wowiritsa, ndi pilau wonunkhira wothira mafuta ndi zokometsera. Ku nsomba, dal ndi bhorta tengani woyera, ndi mmene eni ake amadyera ndipo suphimba kukoma kwa ndiwo. Naan amaiotcha poimata m'khoma la tandoor, ng'anjo yadothi yotentha kufika madigiri 400 ndi kupitirira, ndipo iyenera kudyedwa ikadali yotentha. Garlic naan ndi ya adyo, keema naan ili ndi nyama yogaya mkati, peshwari naan ndi yotsekemera, ya kokonati ndi mphesa zouma. Chapati ndi tandoori roti n'zopepuka ndiponso zotchipa. Amene sakufuna msuzi atenge tandoori chicken, chicken tikka kapena shashlik, nyama yootcha mu ng'anjo yomweyo imene imabwera ikuthetheka pa mbale yachitsulo. Ana ang'ono amadya bwino chicken tikka, korma ndi mpunga woyera, ndipo tchipisi nacho chimakhalapo.

Pakudya

Chakudya chikamabwera, woperekera zakudya amatchula dzina la mbale iliyonse. Mvetserani, makamaka ngati pali ya naga kapena ya munthu wodana ndi mtedza, chifukwa ndiwo zambiri zimafanana maonekedwe. Zitsulo zimene amaikapo mbale zimakhala zotentha, ana asazigwire.

Kudya ndi manja n'kololedwa, ndipo eni ake kunyumba amadya choncho. Kasambeni m'manja, dyani ndi dzanja lamanja, ndipo potapa m'mbale za pakati gwiritsani ntchito supuni. Musathire ndiwo zonse pamodzi pa mpunga. Tengani imodzi, idyeni ndi mpunga pang'ono, kenako ina, kuyambira yofatsa kumalizira yowawa. Abengali kwawo amayamba ndi masamba ndi dal, kenako nsomba, nyama pomaliza, ndipo ndondomeko imeneyi imathandiza kuti lilime limve chilichonse.

Tsabola akakuposani mphamvu, madzi sathandiza kwenikweni, mowa ndi zakumwa za gasi nazonso ayi, chifukwa chimene chimawotcha mu tsabola sichisungunuka m'madzi. Chimene chimaziziritsa ndi mkaka. Itanitsani lassi, chakumwa cha yogati chimene chimakhala chotsekemera, chamchere kapena cha mango, kapena raita, yogati wa nkhaka. Mpunga woyera ndi naan zimathandizanso. Okonda mowa adzapeza Cobra ndi Kingfisher pafupifupi paliponse pamene pali chilolezo.

Ngati china chalakwika, mwina ndiwo yabwera yozizira kapena si imene munaitanitsa, nenani nthawi yomweyo, mwaulemu, musanadye theka. Pa malo a banja ngati amenewa mwini wake amakhala pomwepo, ndipo amakonda kukonza pomwepo kusiyana n'kudzawerenga dandaulo pa intaneti mawa lake. Anthu amenewa amaimirira maola ambiri usiku uliwonse, ndipo kwa zaka zambiri akhala akupirira mwano wa makasitomala oledzera ndi atsankho. Kuitana munthu ndi kuliza zala kapena kumukuwira n'kosayenera. Mwamuna wa msinkhu wanu mungamutchule kuti bhai, ndipo pothokoza nenani kuti dhonnobad.

Bilu ndi zotsala

Mukamaliza amabweretsa tinsalu totentha topukutira m'manja. Zotsekemera za pa menyu yazithunzi nthawi zambiri n'zogula kufakitale. Ngati mukufuna kanthu, funsani kulfi, ayisikilimu wa mkaka wowiritsa, kapena gulab jamun, timipira tofewa ta m'madzi a shuga. Bilu sibwera yokha, muyenera kuipempha, ndipo imabwera ndi timaswiti kapena njere zonunkhiritsa m'kamwa.

Iwerengeni. Onani chiwerengero cha poppadom ndi zakumwa, kenako onani ngati aikapo service charge, imene imakhala 10% kapena 12.5%. Ngati ilipo, simufunika kuwonjezera kanthu. Ngati palibe, chizolowezi ndi kusiya pafupifupi 10%, ndiye kuti pa bilu ya £60 mumasiya £6. Si lamulo, koma ngati akusamalirani bwino, siyani. Kuyambira pa 1 October 2024 lamulo ku England, Scotland ndi Wales limati ndalama zothokozera zonse zizipita kwa antchito, bwana asadulepo. Ngati mukugawana bilu, gwirizanani musanaitanitse chakudya kuti aliyense alipira zake kapena mugawana mofanana, ndipo amene waitana anzake anene poyera ngati akulipira ndi iye, chifukwa kuno kuitanidwa kokadya sikutanthauza kulipiriridwa.

Zotsala musasiye. Pemphani kuti akuikireni m'makontena, amachita zimenezi tsiku lililonse. Tenganinso kapepala ka menyu yawo pakhomo. Tsiku limene mudzafune kudyera kunyumba, imbani foni mwachindunji n'kukatenga nokha: malo ambiri amachotserako mtengo kwa wodzatenga yekha, ndipo ndalama yonse imapita kwa banjalo, pamene mukadzera pa Just Eat, Deliveroo kapena Uber Eats makampaniwo amadulapo gawo lawo.

Mukafika kunyumba ikani zotsalazo mufiriji msanga, makamaka mpunga. Mpunga wophika ukakhala panja nthawi yaitali umabala tizilombo totulutsa poizoni amene safa ngakhale mutautenthetsanso, ndipo wa kulesitilanti nthawi zambiri umakhala utatenthetsedwapo kale kamodzi. Ngati unakhalitsa patebulo, utayeni, muphike wina. Ngati mwausunga, udyeni pasanathe tsiku limodzi, muutenthetse kamodzi kokha mpaka utuluke nthunzi paliponse. Ndiwo ya nyama imatha kukhala mufiriji masiku awiri, ndipo poitenthetsa thiranimo madzi pang'ono kuti isapserere. Ya nsomba ndi ya prawn idyeni mawa lake lomwelo.